Ayeza zonse sanapeze kanthu, koma mtima sukukhazikika: zoyenera kuchita

Ndine namwino, ndipo odwala amene ndimapita nawo kunyumba m'maganizo ndikaweruka si okhawo amene tawapeza ndi matenda aakulu. Pali ena amene amabwera ndi timabuku ta kuchipatala tiwiri kapena titatu tomanga pamodzi ndi labala, mapepala a sikani a kuchipatala cholipira, zotsatira za magazi za mwezi watha ndi za mwezi winawo, ndipo paliponse palembedwa kuti palibe vuto. Munthuyo maso ali psuu chifukwa chosagona. Akakhala pampando amayamba ndi mawu akuti, "Anesi, ine ndikudziwa kuti chilipo, kungoti makina anuwa sakuchiona." Ngati mawu amenewa ndi anu, kapena ndi a munthu amene mumakhala naye nyumba imodzi, zimene ndilembe panozi ndi zanu.

Vutoli madokotala amalidziwa. Kale ankalitcha hypochondria, koma dzinalo linasanduka chitonzo, moti mu 2013 bungwe la madokotala a za maganizo ku America la American Psychiatric Association linalichotsa m'buku lake la matenda a maganizo lotchedwa DSM-5 n'kuikamo illness anxiety disorder. Ambiri amangoti health anxiety. Ndi mantha oti muli ndi matenda oopsa, kapena kuti mwatsala pang'ono kuwatenga, mantha osamva zotsatira za kuchipatala, amene akhala miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira ndipo ayamba kukudyerani tulo, ndalama ndi mtendere wa pabanja. Matenda amene mukuopawo amatha kusintha. Chaka chatha inali HIV, lero ndi khansa ya pakhosi, mawa ndi mtima, koma mantha ake ndi omwewo. Ena amazungulira zipatala. Ena sapondako n'komwe, ngakhale kukaona m'bale wawo amene wagonekedwa, poopa kuti akamva zimene akuziopazo.

Si misala, ndipo si kunamizira. Nthawi zambiri pamakhala poyambira pake. Wina anadwazika mayi ake amene anauzidwa kuti ndi zilonda za m'mimba, khansa n'kudzapezeka zinthu zitaipa kale. Wina mnzake wa kuntchito anangogwa ndi BP m'mawa ali bwinobwino. Ena anayamba mu Januwale 2021, nthawi imene Covid inkatenga anthu odziwika tsiku ndi tsiku. Munthu amene anaona zotere akamakayikira mawu oti "muli bwino", ine sindimuseka. Koma chithandizo chilipo, ndipo mbali yaikulu ya chithandizocho mukhoza kuiyamba nokha.

Pimidwani mokwanira, kwa munthu mmodzi

Sindingakuuzeni kuti ndi nkhawa chabe ndisanakuoneni, ndipo wina aliyense akakuuzani zimenezo pa foni musamumvere. Kuno kwathu anthu ambiri amafa chifukwa chofika kuchipatala mochedwa, ndiye pali zizindikiro zimene siziyembekeza: kutsokomola kopitirira milungu iwiri kapena kutsokomola magazi, kuonda osadziwa chifukwa, kutentha thupi, chotupa cholimba m'bere, kutaya magazi mukakhala malo amodzi ndi bambo kapena mutasiya kale kusamba, nsima kumakanirira pakhosi mpaka kuyamba kudalira phala, pakamwa kupotoka kapena mkono kufooka mwadzidzidzi, chifuwa kuthina kwambiri thukuta lili kamukamu. Zikatere nyamukani lero lomwe.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu powerenga ndime imeneyi mwameza malovu kuti muone ngati akudutsa. Ingokumbukirani kuti mwachita zimenezo, tibwererako.

Mukalowa kwa adokotala, nenani chimene mukuopa ndi dzina lake. Ambiri amangoti "mutu ukundipweteka", n'kupatsidwa Panado, n'kutuluka mantha ali momwemo. Nenani kuti, "Adokotala, mutu ukundipweteka, ndipo kwa miyezi ingapo ndakhala ndikuopa kuti ndili ndi chotupa mu ubongo. Sindikugona nazo." Mawu amenewa amasintha mmene akupimireni komanso mmene akufotokozereni. Mzere wa kuchipatala cha boma ndi wautali ndipo nthawi ya munthu mmodzi ndi yochepa, choncho lembani papepala zinthu ziwiri kapena zitatu zikuluzikulu musanachoke kunyumba. Pemphani kuti aone BP, shuga, kuchuluka kwa magazi ndi HIV. Kuchepa kwa magazi kumathamangitsa mtima ndi kubweretsa phuma. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyeso munthu amanjenjemera manja, amatuluka thukuta, amaonda, ndipo amakhala wamantha. Nenaninso zoona zake za tiyi, khofi, zakumwa zopatsa mphamvu zija za m'mabotolo, mowa ndi chamba, chifukwa zonsezi zimagunditsa mtima.

Mukapimidwa, sankhani chipatala chimodzi, kabuku kamodzi, ndipo ngati n'kotheka dokotala kapena namwino mmodzi. Gwirizanani tsiku lobwerera, kaya ndi pakatha mwezi, ndipo mudzapite tsiku limenelo kaya mukumva bwino kaya ayi. Musapite tsiku lisanakwane chifukwa choti mantha akwera. Dokotala aliyense watsopano amayambira pachiyambi, amalembanso zoyeza zomwe zija, ndipo mukamajambulidwa pafupipafupi pamapezeka kanthu ndithu, monga kathumba ka madzi pa impso kamene anthu ambiri amafa nako ndi ukalamba osadziwa kuti anali nako. Kwa munthu wamantha kanthu kameneko ndi chaka chathunthu chosagona.

Ululuwo ndi weniweni

Mawu amene amapweteka odwala anga kwambiri ndi akuti "zili m'mutu mwanu". Sizili m'mutu mokha ayi. Munthu akachita mantha, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline m'magazi. Mtima umene umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi munthu akakhala phee, umathamanga kupitirira pamenepo. Mumayamba kupuma mofulumira osazindikira, mpweya wa carbon dioxide umachepa m'magazi, ndiye zala ndi milomo zimachita dzanzi, mutu umapepuka, chizungulire chimabwera. Minofu ya pakati pa nthiti ikakhala yokungika tsiku lonse imabaya ngati ndi mtima. Ya m'khosi ndi m'mapewa imapweteketsa mutu. M'mimba mumabwadamuka, pakamwa pamauma, pakhosi pamamveka ngati pakhala kanthu ngakhale chakudya chikudutsa bwinobwino. BP nayo imakwera munthu akangoona namwino akubwera ndi makina, n'chifukwa chake timati khalani kaye pansi mupume tisanakuyezeninso.

Chinanso ndi tcheru. Yesani izi pompano. Khalani pampando, ikani maganizo anu onse pa chala chachikulu cha kuphazi lamanzere kwa mphindi ziwiri, osachigwedeza. Muyamba kumva kutentha, kapena kuyabwa, kapena kugunda, kapena kulemera. Chalacho sichinadwale pa mphindi ziwirizi. Thupi lamoyo limakhala likuchita tizinthu nthawi zonse, kungoti ubongo sutiwerengera. Mukauuza kuti pakhosi pali ngozi, umayamba kukuuzani kalikonse kochitika pakhosipo, usana ndi usiku. Malovu munameza aja, mukawameza kakhumi motsatizana pakhosi pamauma n'kuyamba kukanika, ndipo mantha amapeza umboni umene amaufuna.

Chimene chimadyetsa manthawo

Mu 1986 akatswiri awiri a ku Britain, Paul Salkovskis ndi Hilary Warwick, analemba zimene anaona mwa odwala otere, ndipo chithandizo chimene chimagwiritsidwa ntchito lero chinamangidwa kwambiri pa mfundo yawo. Anaona kuti kutsimikiziridwa kuti uli bwino kumatsitsa mantha kwa kanthawi kochepa, kenako amabwerera, ndipo munthu amafunanso kutsimikiziridwa kwina msanga kuposa poyamba. Zili ngati kukanda mphere: pokandapo pamakoma, koma mukangochotsa dzanja kuyabwa kumabwerera ndi mphamvu ndipo khungu likunyuka. Kudzigwiragwira pakhosi, kuwerenga kugunda kwa mtima, kuyang'ana lilime pagalasi, kufunsa akazi anu ngati mwaonda, kufufuza pa Google, kukayezetsanso, zonsezi zimagwira ntchito yofanana. Chilichonse chimaphunzitsa ubongo kuti ngozi inalipodi, mwapulumuka chifukwa munayang'ana.

Apa ndiye pagona chithandizo chonse, ndipo ndi povuta kuvomereza. Palibe makina padziko lapansi amene angakulonjezeni kuti mulibe kanthu m'thupi ndipo simudzadwala. Anthu amene mumawaona akugona tulo tabwino alibe lonjezo limenelo. Amakhala ndi kachikayiko kakang'ono osakalabadira. Ntchito yanu ndi kuphunziranso kukhala nako kachikayiko kameneko osathamangira kukathetsa.

Gulani kope la ana asukulu. Mlungu woyamba musasinthe chilichonse, muzingolemba kamzere nthawi iliyonse imene mwadzigwira, mwafunsa munthu, kapena mwafufuza pa foni. Ambiri amadabwa akawerenga timizere ta tsiku limodzi lokha. Kenako tsegulani masamba awiri oyang'anizana. Pamwamba pa tsamba lakumanzere lembani chimene mukuopa, mwachitsanzo "Ndili ndi khansa ya pakhosi." Pa lakumanja lembani "Ndili ndi mantha aakulu a khansa ya pakhosi, ndipo manthawo akundipweteketsa pakhosi." Pansi pa lililonse lembani umboni wake moona mtima. Ndi tsamba liti limene likufotokoza chifukwa chake ululu umatha mukakhala kudimba kapena mukamaonera mpira, n'kubwerera mukazimitsa nyali? Ndi liti limene likufotokoza kuti papita zaka ziwiri koma nsima mukudya ndipo thalauza ndi lomwe lija? Nanga kuti vutoli linayamba mlungu wa maliro a malume anu?

Simukuyenera kukhulupirira tsamba lakumanja lero. Mwakhala mukuchita zinthu ngati lakumanzere ndi loona kwa miyezi yambiri ndipo simunapeze bwino. Perekani mwezi umodzi wochita zinthu ngati loona ndi lakumanja, muone chimene chichitike.

Kuchepetsa kudziyang'ana

Mnyamata wina woyendetsa kabaza anabwera ali ndi mwanabele m'khosi, wamng'ono, wofewa, woyenda ukamukankha. Adokotala anamupima, magazi anayezedwa, panalibe vuto. Koma khungu la pamalopo linali litada ndi kunyezimira chifukwa chotofinya. Akaima pa siteji kudikira makasitomala, chala chinkapita chokha pakhosi. Ankati pakupweteka ndipo pakukula. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, mawa musagwire pakhosi. M'malo mwake muzitofinya pamkono apa, mphamvu yomweyo, nthawi iliyonse imene dzanja lafuna kupita kukhosi." Atabweranso anandionetsa pamkonopo, pofiira, powawa kukhudza. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti ndimadzipweteka ndekha?" Tinamata pulasitala pakhosipo kuti chala chikafika chizikumbuka, ndipo tinagwirizana kuti wopima mwanabeleyo ndi adokotala okha, pa tsiku lobwerera.

Si onse amene angathe kusiyiratu tsiku limodzi. Njira imene imathandiza ambiri ndi kuchedwetsa. Chilakolako chodziyang'ana chikabwera, yang'anani nthawi, mudziuze kuti mudziyang'ana pakatha mphindi 30. Lembani m'kope kukula kwa mantha, kuyambira 0 mpaka 10, kenako pitirizani zimene mumachita, kaya kutsuka mbale kaya kulemba malipoti. Mantha akwera, musadabwe. Mtima ugunda, m'manja mututuka thukuta, maganizo azikuuzani kuti mukuchita chibwana ndi moyo wanu. Koma adrenaline sakhalitsa m'magazi mpaka kalekale. Mphindi 30 zikakwana lembaninso nambala. Kawirikawiri imakhala itatsika yokha musanagwire paliponse, ndipo kutsika kumeneku ndiye mankhwala ake, chifukwa ubongo ukuphunzira kuti mantha amatha popanda kudziyang'ana. Mlungu wotsatira chedwetsani ndi ola lathunthu, kenako mpaka madzulo, kenako mpaka mawa lake.

Makina oyezera BP a kunyumba, ngati adokotala sanakuuzeni kuti muziyeza, apatseni wina akusungireni. Ngati anakuuzani, yezani nthawi imene anakuuzaniyo basi, kamodzi, mutakhala pansi mphindi zisanu. Kuyeza kachiwiri chifukwa nambala yoyamba sinakusangalatseni kumangobweretsa nambala yokwera kuposa yoyambayo.

Za HIV ndinenepo mwapadera, chifukwa ndi kumene ndimaona anthu akuvutika kwambiri mwakachetechete. Zipangizo zoyezera mwachangu zimafufuza asilikali amene thupi limapanga likakumana ndi kachilombo, ndipo asilikaliwo amatenga nthawi kuti aoneke. Mukayezetsa patatha miyezi itatu kuchokera tsiku limene mukuliopalo n'kupezeka mulibe, ndiye kuti pa tsiku limenelo simunatenge. Kuyezetsa kachisanu kapena kachisanu ndi chimodzi sikuwonjezera kanthu. Kachipangizo kodziyezera wekha mkamwa ka OraQuick kamawerengedwa pakati pa mphindi 20 ndi 40. Kukatola m'bini madzulo n'kumakaunika padzuwa kufunafuna kamzere kachiwiri ndi kudzizunza, chifukwa nthawi ikapitirira zimene kakuonetsa sizidalirika. Ngati mwakumana ndi chiopsezo chatsopano, pitani msanga pasanathe maola 72 mukalandire PEP, mankhwala oteteza kuti kachilomboko kasakhazikike m'thupi, imeneyo ndi nkhani ina. Koma ndaona kuti ambiri amene amayezetsa mosalekeza, chimene chikuwadya ndi chikumbumtima cha zimene zinachitika usiku wina, ndipo magazi sangayankhe zimenezo. Zimafuna kukhala pansi ndi mlangizi kapena munthu wamkulu wosunga chinsinsi n'kuzinena.

Foni ndiye yavuta masiku ano. Mukalemba "mutu kupweteka" pa intaneti, simuchedwa kufika pa chotupa cha mu ubongo, chifukwa nkhani zoopsa ndi zimene anthu amatsegula kwambiri, ndipo TikTok ndi Facebook zikaona kuti mwaonera kanema mmodzi wa khansa zimakubweretserani ena ambiri. Lekani kufufuza zizindikiro, ndipo usiku foni izigona kuchipinda china. Tulukani m'magulu a WhatsApp otumizirana zithunzi za matenda. Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi anthu oyenda ndi kamakina kogwiritsa m'manja kolumikiza ku laputopu, amene amati kamaona thupi lonse pa mphindi zochepa. Aliyense wogwira kamakinako amapezeka ndi chiwindi chotopa ndi impso zakuda, ndipo mankhwala ake amakhala ali m'chikwama cha woyezayo, pamtengo wokwera. Kamakina kameneko sikayeza chilichonse. Munthu wamantha akagwira kameneko, ntchito ya miyezi ingapo imagwa tsiku limodzi.

Kwa a pabanja

Amayi ena anandiuza kuti amuna awo amawadzutsa usiku kuti awagwire pachifuwa amve ngati mtima ukugunda bwino. Ankawagwira, n'kuwauza kuti uli bwino, chifukwa chowakonda. Pakapita ola amadzutsidwanso. Ena amatopa n'kuyamba kukalipa kuti, "Inu mulibe matenda, mukungotisowetsa mtendere." Njira zonse ziwirizi sizithandiza.

Khalani pansi masana, mitima ili m'malo, mugwirizane yankho limodzi. Likhoza kukhala lakuti, "Bambo a ana, ndikuona kuti mantha abwera. Tinagwirizana kuti funso limeneli sindiziyankha. Ndili pompano, tiyeni tikhale limodzi mpaka atsike." Mukatero khalanidi pompo. Agwireni dzanja, yambitsani nkhani ya fetereza kapena ya sukulu ya ana, tulukani muyende pang'ono. Masiku oyamba adzakwiya n'kunena kuti simukuwasamala. Limbani mtima, chifukwa munagwirizana iwo ali bwino. Ndipo ana asamatumidwe kuyang'ana m'maso mwa bambo awo ngati mwachita chikasu. Ana amatengera mantha msanga.

Bwererani kumene munathawa

Lembani zinthu zimene munasiya chifukwa cha mantha: kupita kumaliro, kukaona odwala, kumvera pulogalamu ya zaumoyo pa wailesi, kukwera njinga poopa kuti mtima uima, kutchula dzina la matendawo. Yambani ndi chopepuka, muchichite mobwerezabwereza mpaka chitasiya kukuopsani, kenako mupite pa chotsatira. Amene mumaopa mtima, adokotala akakuuzani kuti mtima uli bwino, yendani mwandawala mpaka mumve kugunda m'makutu, muime, muone ukutsika wokha. Amene simupondako kuchipatala, ulendo wanu ndi wosiyana ndi wa anzanu aja: inu mukuyenera kupita. Tengani munthu wokuperekezani, mukayezetse zimene munthu wa msinkhu wanu amayenera kuyezetsa, monga khomo la chiberekero kwa amayi ndi BP kwa aliyense, pa nthawi imene achipatala anaika.

Mantha akakwera, pumani pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya kukhale kotalika kuposa kukoka. Zimachepetsa dzanzi ndi chizungulire. Gonani ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo tiyi wamadzulo mumusiye.

Ine ndimapemphera, ndipo sindingauze munthu kuti asiye. Koma onetsetsani kuti kupemphereredwa sikunasanduke kuyezetsa kwina, kumene mlungu uno muli kwa mneneri uyu, mlungu wamawa kwa uja, kufuna wina akutsimikizireni kuti chotupa chachoka. Chimodzimodzi kwa asing'anga. Munthu wamantha akauzidwa kuti pali wina anamuponyera matenda, amabwerako ndi mantha awiri, ndipo ubale ndi abale ake umasokonekera. M'busa wabwino amakuthandizani kusenza chikayiko, ndipo amakulimbikitsani kupitiriza chithandizo cha kuchipatala.

Pamene mukufunika katswiri

Ngati mwayesa zimenezi kwa mwezi umodzi kapena iwiri osaona kusintha, kapena mantha akukulepheretsani kugwira ntchito, funsani pachipatala cha boma cha m'boma lanu kuti muonane ndi namwino kapena dokotala wa za maganizo. Ambiri sadziwa kuti anthu amenewa alipo m'zipatala za m'maboma. Kulinso Zomba Mental Hospital, St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso kiliniki ya za maganizo ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mukagonekedwa. Ambiri amakambirana ndi katswiri n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Abale athu amene muli ku England mukhoza kudzilembetsa nokha ku uphungu wa boma wa NHS Talking Therapies osadzera kwa dokotala wanu (GP).

Chithandizo chimene chili ndi umboni wochuluka ndi chokambirana chotchedwa CBT, ndipo zimene ndafotokoza pamwambazi zachokera mmenemo. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Peter Tyrer, amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2014, anatsatira odwala 444 a m'zipatala za ku England amene anali ndi mantha otere. Amene anakumana ndi mlangizi maulendo apakati pa asanu ndi khumi anapeza bwino kuposa amene analandira chisamaliro cha nthawi zonse, ndipo kusinthako kunakhalitsa. Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti ena mwa opereka uphunguwo anali anamwino ophunzitsidwa mwapadera, ndipo anachita bwino. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaonetsa kudzera mu pulogalamu ya Friendship Bench kuti ngakhale agogo ophunzitsidwa bwino amatha kuthandiza anthu ovutika maganizo atakhala nawo pa benchi kunja kwa kiliniki. Ndiye musanyoze chithandizo chifukwa wokupatsaniyo si dokotala wamkulu.

Mankhwala akumwa aliponso. Fluoxetine ndi ena a gulu lake amathandiza, makamaka ngati mantha abwera limodzi ndi kukhumudwa kwakukulu. Amayamba kugwira pakatha milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndipo masiku oyamba ena amamva nseru kapena kusakhazikika, zimene zimatha zokha. Ndimachenjezeratu zimenezi chifukwa munthu woopa matenda akamva nseru tsiku lachiwiri amataya mankhwala. Mukapeza bwino musasiye nokha, pitirizani miyezi imene adokotala anena ndipo mudzasiye mwa malangizo awo. Diazepam wogula mwamseri mupeweni. Amagonetsa usiku umodzi, koma thupi limamuzolowera msanga ndipo mantha amabwerera okulirapo mukamusiya.

Ngati mwafika poganiza kuti bola kungofa kusiyana ndi kudikira matendawo, uzani munthu lero, ndipo pitani kuchipatala lero lomwe, musadikire tsiku lobwerera. Maganizo amenewo amabwera kwa anthu otopa ndi nkhawa, ndipo amachoka munthu akalandira chithandizo.

Chizindikiro chatsopano chikabwera

Chidzabwera ndithu, chifukwa thupi limadwaladwala tizinthu, ndipo mantha amakonda kubwerera nthawi ya maliro, ya mavuto a ndalama, kapena mukamva kuti wina wa msinkhu wanu wapezeka ndi matenda. Musanafike pamenepo, pemphani adokotala anu akulembereni kumapeto kwa kabuku zizindikiro zimene inuyo, malinga ndi msinkhu wanu ndi matenda amene muli nawo kale, muyenera kuthamangira nazo kuchipatala. Chatsopanocho chikakhala pa mndandandawo, pitani. Chikapanda kukhalapo, lembani m'kope tsiku limene chayamba, osachigwira, osachifufuza pa foni, osafunsa a pabanja, ndipo muchipatse milungu iwiri. Chikakhalapobe kapena chikamakula, pitani nacho kwa dokotala wanu yemwe uja, ndi kabuku komwe kaja, mukamuuze chizindikirocho pamodzi ndi chimene mukuopa.